Benzi Ziwiri za Mkamwini

A Elifala Kachipapa anafika m'mudzi mwathu, kuno kuseri kwa mapiri a Ntchisi, ali mnyamata wa tsitsi lakuda bii, atakwera njinga, buku la nyimbo lili m'thumba la jekete. Kwawo kunali ku Chisepo, ku Dowa. A mishoni anawatumiza kudzaphunzitsa pasukulu yathu ya denga la udzu, ndipo asanaloweze n'komwe mayina a ana a m'kalasi mwawo, anali ataloweza kale la a Lenia, mtsikana wa m'kwaya. Anakwatira, namanga nyumba kuseri kwa apongozi monga mwa mwambo, nakhala mkamwini.

Koma ife anthu akuno tili ndi khalidwe lathu, ndipo sindikulinena monyadira ayi. Mkamwini timamukonda, timadya za thukuta lake, koma sitiiwala kuti anachita kubwera. A Elifala anatiphunzitsa tonse kuwerenga, anakhala mkulu wa mpingo, tsitsi linachita mbuu, koma pakagwa nkhani ya pabanja tinkawapatsa mpando wakumapeto, kufupi ndi nkhokwe, kenako n'kuwatuma kukaona ngati nkhuni zakwana. Mwini mbumba anali mlamu wawo, a Abrahamu, mlongo wawo wamkulu wa a Lenia, munthu wa mawu ochepa ndi nkhope yosasekerera zachibwana. Iwowo akafuna kutchula a Elifala ankangoti "alendo athu a ku Dowa", ngati kuti ku Dowa n'kunja kwa dziko.

Zonsezi a Elifala ankangoziseka. Chinalipo chimodzi chokha chimene chinkawadya mumtima. Mwambo unali woti mkamwini akamwalira, akwawo amabwera kudzatenga mtembo kuti akauike kumanda a makolo ake. Ku Chisepo amene ankawadziwa anali atatha, otsalawo ankangodziwa dzina. Iwo ankafuna kudzagona kuno, pafupi ndi kamwana kawo kachiwiri kamene tinakaika kumanda athu, pamene a Lenia adzagonenso. Kupempha sakanatha. Munthu ukali moyo supita kwa mlamu wako kukapempha manda, angakuyese kuti ukuitana imfa. Ankangoyembekeza kuti tsiku lina mudzi udzawawerengera wokha ngati munthu wake.

Atapuma pantchito anakhala pakhonde n'kuyamba kuganiza, ndipo eni ake ankati vuto lonse linayambira pamenepo. Anaona kuti mudzi wathu unalibe galimoto. Odwala tinkawanyamula pamachira, akwati ankayenda pansi. Ndiye anati munthu amene angabweretse galimoto yoyamba, amene mudzi wonse ungamagogode pakhomo pake, ameneyo sangatumizidwenso kwina ngati katundu wobwereka. Pambuyo pake ankatiuza akupukusa mutu kuti zaka zonse za uphunzitsi, choko chonse chimene anameza, nzeru imene inatulukapo ndi imeneyo. Munthu woganiza bwino akanagula kapikapu. Koma a Elifala anati mkamwini wa pikapu amasanduka wantchito wa alamu ake, wotuta manyowa. Iwo ankafuna galimoto yoti anthu akaiona aimirire.

Mwayi unapezeka mu 1978, chaka chija amwenye a masitolo ankasamuka m'madera akumidzi kupita kumizinda ikuluikulu. Mmwenye wina wa pa Boma la Ntchisi anali ndi galimoto ziwiri za Benzi, ndipo ankafuna kugulitsa imodzi, inayo apite nayo ku Lilongwe. Yogulitsayo anati wogula asankhe yekha. Ina inali ya malemu bambo ake, ya 1965, yakuda, yaitali msinkhu, yokhala ndi timapiko kumbuyo. Inzake inali ya 1972, yotuwira, yofupikirako, ya mipando yachikopa ndi wailesi. A Elifala anatenga za penshoni, nagulitsa ng'ombe zimene ankaweta mwakachetechete ku Chisepo, navala suti, napita kukaona.

Kuyendetsa sankadziwa, ndipo analibe nako ntchito. Anati mwana wawo Kalebe, amene ankayendetsa thalakitala pa esiteti ya fodya ku Kasungu, adzabwera kudzagwira chiwongolero. Choncho mmwenye atatsegula kutsogolo kuti awaonetse injini, iwo anangosuzumiramo mwaulemu ngati munthu woonetsedwa khanda la eni, n'kupempha kuti ayese mpando wakumbuyo. Mu ya sikisite faifi anakhala mowongoka, chipewa chili kumutu, denga lili patali. Mu ya sevente thu chipewa chinagunda kudenga, mpaka anachivula, ndipo zinawakhumudwitsa kuti mwini galimoto azivulira chipewa galimoto yake yomwe. Komatu mpando wake, abale inu. Ankati unawalandira ngati ukuwadziwa kuyambira kale. Anatuluka, nalowanso mu yakuda ija, natulukanso, mpaka mmwenye anapita kukagulitsa mchere n'kubwerako iwo akadali pakati pa ziwirizo.

Mkamwini woleredwa bwino savomera chinthu pa ulendo woyamba. Anati akafunse kaye kumudzi. Koma poopa kuti wina angawalande, anabweranso ndi tambala wofiira, wonenepa, namupereka ndi manja awiri, nanena momveka kuti chimenechi ndi chikole. Mmwenye uja Chichewa chake chinali cha pakauntala, cha mitengo ya nsalu ndi sopo. Anathokoza kwambiri, natumiza tambalayo kuseri kwa sitolo. A Elifala anabwerera mtima uli m'malo, chifukwa kwathu kuno mtsikana akalandira chikole, mnyamata wina sapondanso pakhomopo. Tikawafunsa kuti nanga anatomera iti, ankaphimba nkhope ndi chipewa n'kuyankha kuti zonse ziwiri. Mkulu wa mpingo wathunthu, tambala mmodzi, kutomera awiri pakhomo limodzi.

Atakaitula nkhaniyi kwa a Abrahamu, chinachitika chinthu chimene a Elifala anali asanachionepo. Mlamu wawo anaimirira, nalowa m'nyumba, natulutsa mpando wabwino uja wa alendo a ku sinodi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti nanga galimotoyo idzafika bwanji, idzauluka kapena. Zoonadi, kuchokera ku msewu waukulu kufika kwathu kunali kanjira ka phazi, kotsetsereka, kodutsa pamtsinje pamene tinkawoloka podumpha miyala. A Elifala zimenezo anali asanaziganize. A Abrahamu anati musadandaule alamu, msewu tilima, ndipo anayamba ndi kupereka mbali ya munda wawo wa mtedza kuti udutsemo. Tsiku limenelo sananene kuti alendo. Anati alamu, ndipo a Elifala anapita kunyumba akumwetulira okha.

Ndiye tinalima. Pamenepa ndi pamene ife sitiyenera kuwaseka kwambiri a Elifala, chifukwa uchitsiru tinagawana mofanana. Amuna tinazula zitsa ndi kugumula ziulu, amayi anatuta miyala pamutu, pamtsinje tinayala mitengo ya bulugamu yokhuthala. Fodya wa ena anachedwa kusankhidwa chifukwa cha msewu umenewu. Ndipo tikulima choncho, mudzi unagawikana pawiri. Panali a sikisite faifi ndi a sevente thu, ngakhale kuti ambiri mwa ife tinali tisanazione n'komwe galimotozo. Akuluakulu ankati chitsulo chakale n'chokhuthala, zamakonozi n'zitini. Amayi ndi achinyamata ankafuna ya wailesi. Anthu ankakangana potuluka m'tchalitchi, mlaliki asanafike n'kunyumba komwe. Banja lina linatha masiku osalankhulana. A Abrahamu anangonena kamodzi kuti iwo sanataye mtedza wawo kuti padzadutse galimoto ya munthu wakufa, ndipo aliyense anadziwa mbali imene ali.

Zikanathera pamenepo, koma a Reinford, mkulu wa mpingo mnzawo amene ankagwira ukalaliki pa Boma, anawakokera a Elifala kuseri kwa tchalitchi. Anayang'ana uku ndi uku, nawanong'oneza kuti galimoto ya tcheyamani wa chipani m'dera lathu ndi ya 1970. Anawafunsa ngati aphunzitsi aiwala masamu. Sevente thu kuchotsapo sevente. Masiku amenewo munthu sunkafuna kuoneka wamtali kuposa amene ali pamwamba pako. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo, ndipo abale awo sankafunsa mokweza kumene apita. A Elifala, amene khadi la chipani linkakhala m'kati mwa chipewa chawo ngakhale popita kuchimbudzi, masamuwo anawamvetsa nthawi yomweyo.

Kuyambira pamenepo anasanduka munthu wa panjira. Akadzuka ndi mantha ankati ya sikisite faifi, chitsulo chakale, chipewa osavula, ndipo palibe angakuchitire nsanje pa galimoto ya nkhalamba. Akadutsa pamene tikulima n'kuona a Abrahamu thukuta lili kamukamu m'munda wawo womwe, ankati ayi, ya sevente thu basi. Ankapalasa njinga mpaka pa Boma, n'kukhalamo mu iyi, n'kukhalamo mu iyo, n'kubwerera. Mmwenye anayamba kuwauza kuti achite changu, nthawi yake yosamuka yayandikira. Iwo ankangogwedeza mutu momvetsa, chifukwa akuchikazi ndi mmene amachitira, amafulumizitsa ukwati. Kuti amukhazike mtima pansi, anamupititsira dengu la mtedza.

Msewu unatha, iwo asanasankhe. A Lenia, amene nthawi yonseyi ankangoyang'ana, anawapeza pakhonde akujambula timapiko ta galimoto pansi ndi kamtengo. Anawauza modekha kuti: "Bambo a Kalebe, ine galimoto sindinakupempheni. Koma anthu manja atupa. Pitani mukabwere ndi chinthu, ngakhale ngolo."

Mawu amenewo anawalasa. Anaganiza kuti ngati akufuna kuwerengedwa ngati mwamuna wa m'mudzi muno, ayenera kuchita chimene mudzi ukufuna, kaya kundende apita. Anasankha ya sevente thu. Ankati m'moyo mwawo monse, ndi tsiku lokhalo limene analimba mtima zenizeni, ndipo analimba mwadongosolo. Anawauza a Lenia bulangete loti adzawabweretsere akadzatsekeredwa. Anatiuza kuti tiwayembekeze chakumasana, dalaivala wa mmwenye adzawaperekeza. A Abrahamu anapha mbuzi. Tinasesa msewu wonse ndi masache ngati bwalo la ukwati.

Pa Boma anapeza sitolo ili yotseka, mawindo atakhomedwa matabwa. Mlonda anawauza kuti bwana ananyamuka kale, pa galimoto yakuda ija, matiresi atamangidwa pamwamba. A Elifala anafunsa za yotuwira. Mlonda analoza ndi mlomo kutsidya kwa msewu, pamene inaima pansi pa mtengo ikunyezimira, kutsogolo kwa ofesi ya chipani. Tcheyamani anamva kuti mphunzitsi wina wa kumapiri akuizungulirazungulira, ndiye anati aione nayenso, ndipo anaigula tsiku lomwelo osayesa n'chipewa chomwe. A Elifala anafunsa za chikole chawo. Mlonda anaganiza pang'ono, nkhope yake n'kuwala. Tambala wofiira uja ankamukumbuka bwino, anati anali wonona, iye anapatsidwa khosi ndi mapazi.

Miyendo inawatengera yokha kutsidya kuja. Anaima pafupi ndi galimotoyo ali kakasi, ndipo ndi mmene tcheyamani anawapezera. Anali munthu wansangala tsiku limenelo. Anawagwira chanza, nati wamva kuti anthu a kumapiri alima msewu wachitukuko popanda kuuzidwa, chinthu chosangalatsa kwambiri, ndipo akufuna kukauona lero lomwe. Anawatsegulira yekha chitseko chakumbuyo. Kukana kunalibe. A Elifala anavula chipewa, nalowa, ndipo mpando uja unawalandiranso ngati palibe chachitika.

Ife tinaona fumbi litakwera pamtunda. Nthungululu zinayamba galimoto isanawoloke mtsinje. Itadutsa pa mitengo yathu ya bulugamu osagwera, amuna tinaombera m'manja ngati tamanga mlatho wa boma. Inali yotuwira, a sevente thu anapambana, ndipo kumbuyo tinaona mutu wa imvi uja uli phee, monga mmene mwini galimoto amakhalira. Amayi anayala zitenje pansi, nayambitsa nyimbo ya dzina la a Elifala, akuthamanga m'mbali, akusisita zitseko. Galimoto inaima pabwalo, ndipo woyamba kutuluka anali tcheyamani, makiyi akuwazunguza pachala.

Nyimbo inafa pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo. Anatsala ndi a Margareta okha, azakhali athu ogontha, amene anapitiriza kuvina maso ali chotseka, akulengeza ndi mawu onse kuti galimoto ya alamu athu yaposa zonse za mu Ntchisi, ngakhale za akuluakulu. Wina anawakoka chitenje, iwo n'kumukankha. Tcheyamani anasiya kuzunguza makiyi. Anayang'ana mbuzi, zitenje, msewu wosesedwa, kenako anatembenukira kumpando wakumbuyo.

A Elifala anaona kuti nkhaniyi ikhoza kugwera mudzi wonse. Anatuluka, naima mowongoka, natulutsa mawu aja a pamzere wa ana asukulu. Anati a tcheyamani akhululuke, agogowa makutu anapita kale. Anati msewu uwu eni mudzi anaulima mwa nzeru zawo kuti atsogoleri azitha kuwayendera, ndipo mbuziyi ndi ya a tcheyamani. Kenako anawonjezera, aliyense akumva:

"Kunena za ine, bwana, ndine munthu wa njinga. Ndine mkamwini chabe, mlendo wa ku Dowa. Muno ndilibemo kanthu, ngakhale mawu."

Tcheyamani anaseka, nawasisita paphewa, nayamba kulankhula za chitukuko. Mbuzi anadya, mazira amene tinamupatsa ananyamula, napita. Ife tinapulumuka. Koma amene tinali pafupi tinaona kuti mawu aja anawapweteka a Elifala. Chinthu chimene anachithawa moyo wawo wonse anachinena okha, pakamwa pawo, pabwalo, pamaso pa a Abrahamu. Zinatimvetsa chisoni, ndipo zinatichititsa manyazi, chifukwa mawuwo anali athu, iwo anangotibwerezera.

Anadzitsekera m'nyumba kwa kanthawi, akuti akudwala mutu. Atatuluka anapeza dzina lawatsogolera kale, ana akuwatchula kuti a Benzi. Tinkayesa akwiya. M'malo mwake anayamba kuifotokoza okha nkhaniyo, ndipo palibe ankaifotokoza bwino kuposa iwo. Ankayerekeza mmene anaperekera tambala, mmene mlonda ananyambitira milomo, mmene a Margareta ankavinira. Pamaliro, anthu akatopa ndi kulira, ankawaitana kuti adzanene za Benzi. Ndalama zija anagula malata a nyumba ya a Lenia ndi njinga yatsopano, imene ankati ndi ya chaka chabwino, anaisankha popanda kufunsa munthu.

Mvula ikatha, ankatenga khasu n'kupita okha kukakwirira makwawa a mumsewu muja. Ankati munthu ukabereka mwana wopusa umamulerabe. Ife poona nkhalamba ikulima yokha tinkachita manyazi n'kutenga makasu athu, mpaka chinakhala chizolowezi cha chaka ndi chaka. Msewuwo unayamba kubweretsa malole a feteleza, ndi galimoto ya chipatala ikaitanidwa. Koma za manda zija a Elifala anazitaya. Anawauza a Lenia kuti a ku Chisepo akadzabwera asadzakangane nawo, mwambo ndi mwambo, ndipo mwayi wake msewu ulipo, sadzavutika kuwatulutsa. Ananena akuseka, koma a Lenia sanaseke.

Anamwalira mu 1988, chimanga chitangoyamba kuuma m'minda. Uthenga unapita ku Chisepo, ndipo tsiku lotsatira tinamva lole ikutsika pamtunda. Anaitsogolera anali a Mateyu, mwana wa mlongo wawo wa a Elifala, munthu waulemu wake amene anabwera kudzachita zoyenera. A Lenia anali m'nyumba ya siwa, anangophimba kumutu. Tonse tinkadziwa mmene zimathera.

Lole inaima isanawoloke mtsinje, ndipo sinapitirire. Titathamangira kumeneko tinapeza a Abrahamu, amene tsopano maso anali atachita khungu, atakhala pampando pakati penipeni pa mlatho, ndodo ili pamiyendo. Anali atauza adzukulu awo kuti awanyamulire kumeneko m'mamawa. A Mateyu anatsika, nagwada, nafotokoza bwinobwino kuti abwera kudzatenga malume awo monga mwa mwambo, pakuti kuno anali akamwini. A Abrahamu anawasiya amalize.

"Mwambo ndikuudziwa, ndinabadwa inu musanabadwe," anatero. "Koma munthu ameneyu anatipusitsa mudzi wathunthu. Tinalima msewu wa galimoto imene kulibe. Ine mtedza wanga unapita, mbuzi yanga anadya wina. Chitsiru chotere sitingachipereke kwa eni, n'chathu. Inu tsikani, mudzatithandize kulira."

A Mateyu anayang'ana anzawo a mulole, anzawowo anayang'ana pansi. Wina kumbuyo kwathu anaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo kunatigwira tonse. Lole inatsala tsidya lija. A ku Chisepo anawoloka wapansi, mmodzimmodzi, akulambalala mpando wa a Abrahamu.

Madzulo ake tinawanyamula a Elifala pamapewa, n'kukawagoneka pafupi ndi kamwana kawo.